Nyali Yosaopa Madzi

A Dinala mukakumana nawo pamsewu musayembekeze kuti akuyang'anani kumaso. Maso awo amakhala pansi. Si manyazi ayi, ndipo si ulemu. Amakhala akufuna zotola. Kawaya, kabotolo, tochi yakufa, sipoko ya njinga, chilichonse chimene munthu wanzeru zake wataya, iwo amawerama n'kuponya m'thumba. Matumba a mathalauza awo onse ndi obooka, ndipo akazi awo anatopa kalekale kuwasoka. Ana a sukulu anawapatsa dzina loti a Tolatola, eni ake n'kulilandira ndi manja awiri.

Ine ndine Celestina. Ndimaphunzitsa Chichewa pa sekondale yoyendera ina cha ku Nkopola kuno, ndipo a Dinala amaphunzitsa sayansi m'kalasi yoyandikana ndi yanga. Khoma lotilekanitsa silinafike kudenga. Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzira sayansi mokakamizidwa. Ine ndili pakati pofotokoza miyambi, kuseriko kukumveka kugogoda, kucheka, nthawi zina kuphulika, kenako ana kuseka. Ndakwiyapo kambirimbiri. Tsiku lina ndinalowa m'kalasi mwawo choko chili kumanja, kukawauza kuti pano ndi pasukulu osati pa galaja. Ndinapeza ana onse aunjirira beseni, akuonerera kaboti ka chitini kakuyenda kokha ndi moto wa kandulo. Ndinaiwala chimene ndinadzera, ndipo belu linandipeza ndili momwemo.

Pasukulu pathu pali chipinda chimene pachitseko pake analemba kuti labotale. M'katimo muli matumba a simenti youma ndi mileme. Choncho labotale ya a Dinala ndi matumba awo aja, mbaula, ndi msomali waukulu womangirira ku kamtengo, umene amautenthetsa pa makala n'kumawotchererera mawaya.

Kwawo ndi ku Chiponde. Bambo awo anali fundi wa njinga kufupi ndi chipata cha m'malire, ndipo iwo anayamba kugwira sipanala asanagwire pensulo. Nkhani ya bambo awoyo amaikonda kwabasi, tinaimva mpaka kuiloweza m'chipinda cha aphunzitsi. Akuti fundiyo ankasunga anyamata ophunzira ntchito. Mnyamata akafika poluka yekha gudumu la njinga, masipoko onse, n'kuzungulira osagwedera, fundi ankavala mkanjo woyera, n'kumuperekeza mnyamatayo kwawo atanyamula gudumu lija. Ankalipereka m'manja mwa amalume ake. Kumeneko ankapha nkhuku, kuchita duwa, pemphero la Chisilamu lija, basi mnyamata wamaliza, nayenso ndi fundi.

Chimene a Dinala sakonda kunena ndi za sukulu yawo, koma anandiuzapo kamodzi. Akuti mayeso a za magetsi anakhoza bwino kwambiri asanagwirepo waya. Zonse anangoloweza. Atafika ku koleji, mphunzitsi anawapatsa batire, babu ndi mawaya awiri kuti ayatse, iwo n'kutuluka thukuta ngati agwidwa akuba. Kuyambira pamenepo analumbira kuti mwana wawo aliyense azigwira kaye kenako n'kulemba. "Khutu limaiwala, amayi," amatero kwa ine, "koma dzanja siliiwala."

Vuto lake ndi lakuti kuno kwathu dzanja lodziwa ntchito silikhalitsa m'kalasi. Panali mnyamata wina, Sefu, amene a Dinala anamuphunzitsa kulumikiza magetsi a dzuwa. Asanalembe n'komwe mayeso, achibale ake anamuitanitsa ku Joni. Pambuyo pake anapitanso ena. A Dinala ankadandaula sabata imodzi, n'kudzitonthoza kuti bola kumeneko sakasesa m'misewu. Ine ndinkawaseka kuti iwo ndi amene akutithera ana, ndipo ankaseka nane. Tinasiya kuseka pa nkhani ya Zena.

Zena anali mtsikana wa kudoko, wa Fomu 3, wamtali, wosalankhulalankhula. Kwa ine anali mwana wamba, wolemba chimangirizo chachifupi ngati kuti mawu amagula. Koma kuseri kwa khoma kuja ndinkamumva mawu ake tsiku lililonse, ndipo nthawi zonse linali funso. Chifukwa chiyani babu limodzi likafa anzake onse amazima? Nanga tikawalumikiza mwina? Anzake chinthu chikayaka ankaomba m'manja n'kuthera pomwepo. Iye chikayaka ankachimasula kuti aone chimene chachiyatsa.

Bambo ake anapita ku Joni iye ali wamng'ono ndipo sanamvekenso. Mayi ake ankayanika usipa pa thandala la eni. Amene ankamuyang'anira ndi amalume ake, Che Atumani, mwini mbumba, amene ali ndi chilimira, ukonde waukulu uja wokolera usipa, ndi maboti ake. Usipa, kwa osadziwa, amaukopa ndi kuwala. Masiku amene mwezi suwala asodzi amapita pakati pa nyanja ndi nyali, nsomba n'kuunjikana pomwe pali kuwalapo, iwo n'kuzinga ndi ukonde. Masiku ano nyali zake ndi mababu a pa batire. Koma mababuwo ndi madzi sagwirizana. Funde likangowaza, mawaya achita dzimbiri, nyali thii, ulendo wonse wapita pachabe.

Zena anakula akumva amalume ake akutukwana nyali. Ndiye a Dinala atauza kalasi kuti aliyense apange chinthu chothandiza kwawo, iye anatola timababu ta m'matochi akufa, n'kutilumikiza mwakuti kamodzi kakafa tinzake tizingoyaka. Anatilowetsa m'botolo la galasi la kukamwa kwakukulu, n'kutseka pakamwapo ndi mphira wa chubu ya njinga. Zoyamba zinalowa madzi. Zina zinasweka. Zala zake zinali matuza okhaokha chifukwa cha msomali uja. Koma tsiku lina ndinamva kalasi yonse ikukuwa, ndipo nditasuzumira ndinaona ndowa yodzaza madzi ikuwala kuchokera pansi. A Dinala anali atagwira mutu, akuseka ngati mwana.

Zena sanaseke. Ankayang'ana waya wolowa m'ndowamo.

"Aphunzitsi, chifukwa chiyani wayayu akuoneka wothyoka pomwe walowa m'madzipa, pamene ndi wowongoka?"

"Funso limenelo lisunge," anatero a Dinala. "Tidzalipangira chipangizo chake mu Fomu 4. Ndikufuna udzaone wekha, osati ndikuuze."

Apo m'pamene mtsikanayo ananena, maso ali pansi, kuti Fomu 4 sadzaiona. Amalume ake anali atanena kale kuti chaka chimenecho n'chomaliza. Asuweni ake awiri ali ndi masatifiketi, onse akupalasa kabaza m'tauni. Che Atumani anati atopa kuthira madzi m'dengu.

A Dinala sanadye masana amenewo. Anabwera kwa ine maso ali gwa, n'kundiuza kuti apeza nzeru. Che Atumani amakana sukulu chifukwa sanaonepo chimene sukulu imabala. Ndiye tiwatengere nyaliyo, aione ndi maso awo, aigwire ndi manja awo, adziwe kuti mwana wawo akangomaliza adzapanga zoposa pamenepa. Anandipempha kuti ndiwaperekeze, poti mphunzitsi wamwamuna sayenda yekha ndi mtsikana. Ndinavomera, ndipo kunena zoona nzeruyo inandikomera.

Tinapita Loweruka masana. A Dinala, munthu amene ndinamuzolowera ali ndi malaya a mawanga a makala, anatulukira atavala mkanjo woyera ndi kofiya, akuti n'kulemekeza akuluakulu. Nyali anaikulunga m'nsalu n'kuinyamula okha. Zena ankabwera pambuyo pathu.

Che Atumani si munthu woipa, ndipo izi ndikufuna zimveke. Ndi bambo wonenepa, wa ndevu zoyera, woseka ndi thupi lonse. Anatilandira pakhonde, malonje n'kuyenda bwinobwino. Kenako a Dinala anaimirira, n'kuvundukula nsalu ija, n'kupereka nyaliyo m'manja mwawo ndi manja awiri.

"Che Atumani, ichi wapanga ndi mwana wanu. Yekha. Ine sindinagwireko."

Tinalowa m'kanyumba kosungiramo maukonde, momwe muli mdima ngakhale masana. Zena analumikiza ku batire, n'kumiza botolo mu diramu la madzi. Diramu lonse linawala. Alovi, anyamata okoka ukonde aja, anadzaza pakhomo. Che Atumani analowetsa dzanja m'madzimo, kuligwedeza botolo, kulizondotsa, kulimiza mpaka pansi. Nyali osazima.

"Mashallah," anatero chapansipansi. "Zena? Zena wathu yemweyu?"

Anatuluka n'kuitana akazi awo. Posakhalitsa tinamva nkhuku ikulira kuseri. Ine ndinakodola a Dinala ndi chigongono kuti zatheka, iwo akumwetulira mpaka m'makutu. Tinadya mpunga ndi nkhukuyo. Titasamba m'manja, Che Atumani anaitana mlongo wawo, mayi a Zena, ndi akuluakulu ena awiri. Anatambasula manja n'kuchita duwa yaitali, a Dinala akuyankha amina mokweza kuposa onse. Atatha anatembenukira kwa iwo.

"Che Dinala, sikomo kwejinji, zikomo kwambiri. Inu ndinu mwana wa fundi, mwachita monga amachitira mafundi. Tinakupatsani mwana wosadziwa kanthu, lero mwatibwezera nokha, ntchito yake ili m'manja. Ena akanangomutumiza. Inu mwavala, mwayenda, mwadzamutula pakhomo. Tamulandira. Kuyambira mawa ndimuikira benchi pansi pa mtengo uwo."

Ndinaona kumwetulira kwa a Dinala kukuuma pang'onopang'ono. Anayang'ana mkanjo wawo. Anayang'ana mafupa a nkhuku m'mbale. Munthu amene anatitopetsa ndi nkhani ya gudumu la bambo ake anali atanyamula gudumu lomwelo yekha, kuchoka kusukulu mpaka kudoko, osazindikira.

"Ayi, Che Atumani, sindinabwere kudzamutula. Mwanayu sanamalize. Ichi n'chiyambi chabe."

"Musadzichepetse, aphunzitsi," anaseka Che Atumani, akuwasisita paphewa. "Chinthu chayaka m'madzi ife tikuona. Chatsala n'chiyani? Pepala? Mapepala tili nawo awiri m'nyumba muno, akudyedwa ndi mphemvu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Ine ndinayesa kulowererapo. Ndinalankhula za yunivesite, za atsikana amene akukhala mainjiniya. Anandimvetsera mwaulemu wonse, ngati mmene umamverera mwana akukufotokozera maloto ake. Mayi a Zena ankangopukuta misozi, ndipo inali misozi ya chimwemwe. Ungakangane bwanji ndi anthu amene akukuthokoza? Nkhuku yawo tadya, duwa tayankha. Pobwerera a Dinala sanatole kanthu ngakhale kamodzi, ngakhale tinadutsa tochi yabwinobwino ili gone m'mbali mwa msewu.

Musaganize kuti anangokhala. Anabwererako kangapo, opanda mkanjo. Anapita ndi ahedi. Anatumiza amayi a gulu loona za atsikana pasukulu, amayi olimba mtima amene alanditsapo ana ambiri ku maukwati. Amayiwo anabwerako manja lende. Anati akanakhala kuti mwana akukwatiwitsidwa akanadziwa pogwira. Akanakhala kuti akumenyedwa akanapita kupolisi. Koma uyu ndi wamkulu kale, ali pa benchi yake, alovi a madoko atatu akufola ndi nyali zawo, akumutchula kuti fundi. Mayi ake asiya kuyanika usipa wa eni. Azing'ono ake akupita kusukulu atamwa tiyi. Tikamuuze kuti asiye zimenezi, adye chiyani? Amayiwo anawafunsa choncho a Dinala.

Zena mwini wake sanakane sukulu. Chaka chatsopano chitayamba anabwera, atavala yunifolomu yake, n'kukhala pa desiki yake mu Fomu 4. Anagwirizana ndi amalume ake kuti azibwera masiku amene mwezi ukuwala, poti nthawi imeneyo maboti a nyali sapita panyanja. Ndiye a Dinala anasanduka munthu wowerenga mwezi kuposa asodzi. Maphunziro onse ofunika ankawasungira masiku amenewo, kalasi yonse n'kumadabwa kuti bwanji sabata ino tikungobwereza zakale. Ine ndinawadzudzula kuti ana enawo nawonso ndi ana. Anavomera kuti ndikunena zoona, n'kupitiriza zomwezo.

Koma asodzi nawo anazindikira kuti masiku a mwezi ndi amene ali bwino kukonzetsa nyali, poti sizikugwira ntchito. Zena anayamba kubwera masiku awiri, kenako limodzi, akusinza. Kenako mwezi unawala n'kutha, desiki ili yokha. Phunziro la kuwala lija a Dinala anali atalikonzera zonse: galasi lodula bwino, mabotolo, katochi kotulutsa kuwala kopyapyala ngati ulusi. Analisunga mwezi wina, n'kulisunganso wina. Pamapeto pake analiphunzitsa kwa amene analipo, poti mayeso anali atayandikira. Tsiku limenelo kuseri kwa khoma sikunamveke funso lililonse.

Mayeso atayamba, m'mawa wina a Dinala anandipempha kuti tipitenso kudoko. Sindikudziwa chimene ankayembekeza. Mwina ankangofuna kumuona.

Tinamupeza pansi pa mtengo uja. Mbaula ili pambali, msomali uli pamoto, mabotolo ali ndandanda pa benchi. Anali atanenepako, atavala mpango wabwino. Alovi asanu kapena kuposerapo anali atakhala pa mchenga kudikira. Atationa anaimirira msanga, n'kugwada pang'ono monga ankachitira kusukulu.

"Anzako akulemba lero," anatero a Dinala. Sindikudziwa chifukwa chake ananena zimenezo. Ndikuganiza kuti zinangotuluka.

"Ndikudziwa, aphunzitsi. Ndinawaona akudutsa." Anatembenuza msomali pamakala. Kenako anafunsa mwakachetechete, kuti alovi asamve: "Za waya zija munaphunzitsa?"

"Ndinaphunzitsa."

"Ndiye chimamuthyola n'chiyani? Tsiku lililonse ndikamayesa nyali mu diramu ndimamuona. Anthuwa akandifunsa ndimangoti ndi mmene madzi alili."

A Dinala anagwira m'matumba mwawo. Munalibe galasi, munalibe katochi, zonse zinali kusukulu. Ananjuta pansi, n'kutola kamtengo, n'kuyamba kujambula pa mchenga: mzere wa pamwamba pa madzi, mzere wina wotsika. Munthu amene analumbira kuti sadzaphunzitsa ndi pakamwa anayamba kufotokoza ndi pakamwa, mofulumira, mawu akupunthwa. Zena ananjuta pambali pawo, maso ali pa mchengapo, nkhope yake ili ngati ya m'kalasi ija.

"Fundi!" anaitana mlovi wina. "Ife tikupita ku Makawa, matola atisiya!"

"Ndikubwera."

"Fundi, msomali wapsa uwu!"

Zena anayang'ana mchenga, n'kuyang'ana benchi. Anaimirira, akusasa chitenje.

"Pepani aphunzitsi. Mudzandiuze tsiku lina."

Mlovi uja pobweretsa nyali yake anaponda pakati penipeni pa chojambulacho, osadziwa n'komwe kuti pali kanthu. A Dinala anakhalabe chinjutire, kamtengo kali kumanja. Ine mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ndinakwiya, koma nditayang'ana uku ndi uku ndinasowa woti ndimukwiyire. Aliyense pamenepo ankangogwira ntchito yake. Ndinawagwira paphewa kuti tizipita.

Masiku ano nyali za Zena zafika madoko ambiri, ndipo Che Atumani akakumana ndi a Dinala m'tauni amawakumbatira pagulu, n'kumauza anthu kuti awa ndi amene anatipangira fundi. Nthawi zina amawatumizira usipa. A Dinala amalandira, amathokoza, n'kukapereka kwa alonda a pasukulu.

Kuphunzitsa ndi manja sanasiye, poti njira ina saidziwa. Kugogoda kukumvekabe, ndipo ine ndikukwiyabe. Chimene chinasintha ndi chimodzi. Anakhoma kabati ya matabwa kumbuyo kwa kalasi, n'kuikapo loko. Chilichonse chimene mwana wapanga chimalowa m'menemo belu likalira. Amati n'kuopa kuti zingasweke panjira.

Sabata yatha ndinali pakati pa phunziro pamene ndinamva kukuwa kuseri kuja. Kamtsikana ka Fomu 1, Keti, kanali katapanga kapampu kokoka madzi ndi paipi yotayidwa ndi mphira wa patapata, ndipo madzi anakweradi kuchoka m'ndowa mpaka pa tebulo. Anzake ataleka kuomba m'manja ndinamva mawu ake okondwa.

"Aphunzitsi, kwathu timathirira dimba ndi ndowa. Ndingatenge ndikawaonetse amalume?"

Ndinasiya kulemba pa bolodi. Ana anga anandiyang'ana modabwa, ine khutu lili kukhoma. Ndinadikira kuti ndimve chimene a Dinala ayankhe. Belu linalira asanayankhe, ndipo nditadutsa pakhomo pawo ndinawaona ataima pakati pa mwanayo ndi kabati, kiyi ali kumanja, kapampu kakudonthezera madzi pa nsapato zawo.